Nambala Yofiira Pansi pa Batire

Akazi anga amagwiritsa ntchito kyuteksi, utoto uja amayi amapaka m'zikhadabo, ndipo wawo ndi wofiira psuu. Wokagula ndimakhala ine. Koma zikhadabo zawo sizinaulawepo utotowo, ngakhale tsiku la ukwati wathu, chifukwa kabotoloko kamapita kuntchito. Mwini golosale wa pafupi ndi kwathu, ataona kuti ine ndikungogula koma zala za akazi anga zili mbee, anandifunsa tsiku lina motsitsa mawu ngati ndili ndi kanyumba kena kumbali. Ndinamuuza kuti inde iliko, ndi yosanja, mwini wake ndi boma, ndipo ndi imene imandilanda mkazi m'mawa uliwonse.

Iwo ndi osunga katundu pa ofesi ya boma pamene ine ndimagwira udalaivala. Kachipinda kawo kali pansi, kuseri kwa masitepe. Muli tebulo, mpando umene khushoni yake inatha kalekale, mashelefu achitsulo ofika kudenga, ndi kawindo kotulutsira katundu. Kompyuta, pulinta, foni ya patebulo, ngakhale chingwe cha magetsi, chilichonse cholowa pa geti chimayamba chadzera pamenepo. Pa ofesi palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amati Mayi Sainani, chifukwa pakawindo paja sutulutsapo kanthu usanamve mawu awiri aja akuti sainani apa.

Inenso ndinawadziwira pa mawu omwewo. Nditangolembedwa ntchito, ndili mnyamata woyenda modzimva, ndinapeza chitseko cha sitolo ya ofesiyo chili chotsegula, n'kutengamo jeke wa galimoto. Ndinali ndisanalize n'komwe galimoto pamene ndinaona mtsikana wamfupi ataima kutsogolo kwa bampala, buku lalikulu atalikumbatira pachifuwa. Ndinaliza hutala, iye osasuntha. Ndinapsa mtima, n'kumufunsa ngati jekeyo anasiya ndi agogo ake. Iye anangotsegula bukulo pa boneti, n'kundipatsa cholembera. Ndinasaina ndikutukwana chamumtima. Patatha zaka ziwiri ndinasainanso buku lina ku tchalitchi, iye yemweyo ataima pambali panga, ndipo mpaka lero amati pa ulendo woyamba uja ndi pamene ndinalemba bwino.

Za kyuteksi zinayamba makompyuta atangofika. Nthawi imeneyo nambala ya katundu inkalembedwa pa kapepala komata kunja. Koma makina akatentha kapepala kankamatuka, kapena wokolopa ankakapukuta ndi nsanza yonyowa, nambala n'kufufutika. Akazi anga zimenezo zinkawasowetsa mtendere. Ndiye anayamba kutsegula makina alionse atsopano n'kulemba nambala m'kati, pamalo posafika nsanza. Kompyuta ya patebulo amailemba kuseri kwa chitsulo cha m'mbali, pulinta pansi pa thireyi ya mapepala, laputopu pansi pa batire. Anayesa choko, anayesa penti wa mafuta, koma chimene chinakakamira osasuluka ndi kyuteksi. Akamaliza amauzira kuti aume, kenako n'kulemba m'buku lawo lachikuto chakuda. M'menemo makina alionse ali ndi mzere wake ndi mbiri yake: anafika liti, akugwiritsa ntchito ndani, anadwalapo chiyani. Mupeza polembedwa kuti inalowa mphemvu, pena kuti mwini wake amaimenya akakwiya.

Khalidwe limeneli sanalisiye kuntchito ayi. Kunyumba kwathu mnansi akabwereka wilibala, amaiona ikulembedwa kuseri kwa kalendala. Mlamu wanga anakwiyapo miyezi itatu chifukwa cha ayironi. Ine ndinazolowera. Chimene ndinganene n'chakuti m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pa ofesi paja sipanasowepo ngakhale mbewa ya kompyuta osadziwika kumene yapita.

Chaka chatha kunabwera anyamata a ku likulu ndi njira yatsopano. Anali ndi zomata za mizeremizere ndi kamakina kogwira m'manja, kamene ukakalozetsa pa chomata kamalira kuti tii, nambala n'kulowa yokha mu kompyuta. Anamata paliponse, ngakhale pa makina akufa amene timasunga m'chipinda cha kuseri kwa galaja, chimene timachitcha kumanda. Paja katundu wa boma ngakhale afe satayidwa mpaka akuluakulu atavomereza. Pa laputopu ankamata pamwamba pa chivundikiro, kuti kamakina kaziona mosavuta. Manambala anatenga omwe aja a m'buku la akazi anga, kenako n'kuwauza kuti bukulo likapume tsopano. Atamva za kyuteksi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akazi anga anasekerera nawo, anawathokoza, anaphunzira kugwiritsa ntchito kamakinako kuposa eni ake, koma buku sanalitseke.

Kenako mwana wathu woyamba anachira, mdzukulu wamkazi, ndipo agogo atsopanowo anatenga tchuthi cha miyezi iwiri chimene anakhala akuchisunga. Makiyi a sitolo anasiyira Mawaya, katswiri wathu wokonza makompyuta, munthu wabwino mtima koma wodana ndi cholembera ngati mankhwala owawa. M'miyezi yomweyo tinalandira bwana wamkulu watsopano. Akazi anga anabwerera kuntchito Lolemba, ndipo tsiku lomwelo kunafika ofufuza a ku likulu kudzawerenga katundu, motsogoleredwa ndi mayi wina wa magalasi wosaseka wamba. Anayenda chipinda ndi chipinda, tii, tii, tii. Pofika Lachiwiri madzulo zonse zinapezeka kupatula chimodzi: laputopu nambala 417, imene inkakhala m'kabati ya m'chipinda cha misonkhano.

Apa ndi pamene nkhani inagwera a Chipewa. Amenewa ndi mlonda wathu wa masana, bambo wamtali wofatsa, amene anakhala pa geti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzinali linabwera chifukwa chipewa cha yunifolomu sichinkachoka kumutu kwawo, kaya kutenthe bwanji. Loweruka makiyi a chipinda cha misonkhano ankakhala ndi iwo. Ndiye kalaliki wina anakumbukira kuti Loweruka lina anawaona akutsika masitepe ndi chikwama chakuda cha laputopu, akulowera koimika magalimoto. Atafunsidwa, a Chipewa anavomera kuti n'kutheka, popeza amanyamulira mabwana zikwama tsiku ndi tsiku, koma Loweruka limenelo sankalikumbuka. Kuvomera kumeneko ndi kumene kunawaika m'madzi.

Lachitatu m'mawa anaimitsidwa ntchito, n'kuuzidwa kuti akabweze katundu wa boma ku sitolo. Ine ndinali pomwepo, ndikudikira kusainira matayala. Anaika pakawindo wezulo, tochi ndi jasi lamvula. Kenako anaima kanthawi, n'kuvula chipewa. Abale, zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo mutu wa munthuyu. Unali wa dazi, wotuwa, ndipo anangoyang'ana pansi ngati amuvula malaya pamsika. Akazi anga analandira, analemba m'buku, n'kukwera pa mpando kukaika chipewacho pa shelefu ya pamwamba penipeni. A Chipewa anatuluka pa geti lawo lomwe, mutu uli pamtunda.

Masana ake bwana anatumiza fomu ya katundu wotayika. Inanena kuti laputopuyo inachotsedwa m'chipinda cha misonkhano ndi munthu wopanda chilolezo, ndipo dzina la mlonda linalembedwa pansi pake. Chinatsala ndi siginecha ya wosunga katundu basi. Ikangosainidwa, Lachisanu masana fayilo inkapita kupolisi, ndipo a Chipewa ntchito ikanathera pomwepo, dzina n'kuipa mpaka kwa ana awo. Akazi anga anaiwerenga kawiri, n'kuibweza ilibe kanthu. Bwana anawaitana. Anawakumbutsa kuti atsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti apume pa ntchito, ndi kuti wosunga katundu akamateteza wakuba, anthu amayamba kufunsa kuti anagawana bwanji. Anawapatsa mpaka Lachisanu m'mawa.

Ndivomereze pano, pakuti ndikabisa adzandiulula okha. Ine ndinawauza akazi anga kuti asaine. Tili pa ulendo wopita kunyumba, kuyambira pa geti mpaka pokwerera basi, ndinkangolalata. Ndinati a Chipewa ndi munthu wabwino, inde, koma mtima wa munthu ndani anaulowamo. Ndinati zaka zonsezi mwagwira popanda banga, ndiye mufuna mutuluke ndi manyazi chifukwa cha laputopu imodzi? Mantha anali atandigwira, ndipo ine mantha akandigwira ndimakalipa. Iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Bambo a mwana," anatero, "anthu onse aja ndakhala ndikuwasainitsa, ndimawasainitsa chimene agwira m'manja. Ine ndisainire chimene sindinachione?"

Basi inafika, tinakwera. Mu basi tinakhala mpando umodzi koma aliyense akuyang'ana kwake.

Lachinayi akazi anga anakapempha kwa mayi wa magalasi uja mndandanda wonse wa zimene kamakina kanawerenga. Anali mapepala khumi ndi anayi. Anatseka kawindo, chinthu chimene sachita nthawi ya ntchito, n'kuyala mapepalawo pambali pa buku lawo. Anayamba kutsika mzere ndi mzere ndi lula, uku pepala, uku buku. Ine ndinapita ndi mabwana kumsonkhano, ndinabwerako, ndinatsuka galimoto imene inali yoyera kale, n'kumangozungulira pa masitepe paja. Cha m'ma thiri koloko ndinasuzumira, ndipo ndinapeza lula yaima pamalo amodzi.

Anandikodola kuti ndione. Pa pepala panali nambala 388, laputopu, yapezeka mu ofesi ya bwana wamkulu. M'buku, pa mzere wa 388, panali polembedwa ndi dzanja lawo kuti yafa, inathiridwa tiyi, ili kumanda. Anati anakaiika okha chaka chatha, pa shelefu yachitatu, ndipo sanamvepo zoti zakumanda zimadzuka n'kukwera masitepe.

Tinapita kuseri kwa galaja. M'chipinda muja muli fumbi loti ukayetsemula umadzutsa lina, mapulinta osanjikizana, mawaya opotana, ndi fungo la makoswe. Ndinasuntha makatoni mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga. Pa shelefu yachitatu tinapeza laputopu yopanda chivundikiro, thupi lokha, mabatani ali pamtunda. Popeza chomata chinali pa chivundikiro, kamakina kanaidutsa osaiwerenga. Akazi anga anaitembenuza, anakankha timaloko tiwiri, batire n'kutuluka. Pansi pake panali 388, yofiira ngati yalembedwa dzulo.

"Thupi lili pano," anatero, "chivundikiro chake chili kwa bwana. Tsono chimene chavala chivundikirocho n'chiyani?"

Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti akunena za tebulo la munthu amene akuyenera kusainira kalata yawo yopumira. Anati akudziwa, ndipo ndinyamule thupilo bwinobwino lisagwe.

Lachisanu m'mawa anavala diresi yawo yabuluu ya pa zochitika zikuluzikulu. Anapempha mayi wa magalasi kuti akwere nawo, anaitana Mawaya, ndipo ine ndinatsatira m'mbuyo nditanyamula laputopu yakufa ngati mbale ya mlendo. Bwana anali pa tebulo, laputopu yake ili yotsegula patsogolo. Ataona akazi anga anatambasula dzanja, kuganiza kuti abweretsa fomu. Iwo anapereka moni mwaulemu, n'kupempha kuti awalole kuona pansi pa laputopuyo.

Bwana nkhope inasintha. Anati makina ake anawerengedwa kale, ndipo alibe nthawi ya masewera. Mayi wa magalasi analozetsa kamakina pa chivundikiro, tii, 388. Bwana anatambasula manja, kuonetsa kuti nkhani yatha.

"Kamakinako sikananame, bwana," anatero akazi anga. "Kawerenga chivundikiro. Ine ndikupempha tione mwini wake wa m'kati. Ndikapezeka wolakwa, fomu ija ndisainira pompano."

Mayi wa magalasi anayang'ana thupi limene ndinanyamula, anayang'ana bwana, n'kunena kuti pempholi silovuta. Bwana anazimitsa makina mokwiya n'kuwakankhira kutsogolo. Mawaya anawatembenuza, koma timaloko tinamukanika. Akazi anga anamusuntha pang'ono n'kukankha okha. Batire inatuluka. Tonse tinawerama, mpaka bwana yemwe. Panali 417, ndi kamchira kamene akazi anga amaika pa seveni.

Woyamba kulankhula anali Mawaya, mawu akutuluka modukaduka. Anati mwezi watha laputopu ya bwana inagwa, galasi n'kusweka, ndipo bwana ankaifuna tsiku lomwelo. Iye anathamangira kumanda, anapeza ya mtundu womwewo, n'kuchotsa chivundikiro chonse ndi galasi lake. Choswekacho anachitaya pamodzi ndi chomata chake. Sanalembe paliponse, chifukwa ankaganiza kuti laputopuyo bwana anabwera nayo kuchokera ku likulu. Bwana naye anati anaipeza pa tebulo tsiku limene anafika, n'kuganiza kuti ndi ya pa udindo wake. Anaimbira foni mlembi wake wakale, amene anali atasamutsidwa, ndipo mayiyo anavomera kuti anaitenga m'kabati ya chipinda cha misonkhano kuti bwana watsopano asapeze tebulo lopanda kanthu. Ankati adzanena Mayi Sainani akabwera, koma anachoka asanabwere.

Kenako bwana anagwira pakamwa. Anakumbukira yekha, popanda womufunsa, kuti Loweruka lina anabwera kudzatenga laputopuyo, ndipo amene anamunyamulira chikwama mpaka ku galimoto anali mlonda. Ndinamuona munthu wamkulu manyazi akumugwira kuyambira m'khosi. Ndimupatse ulemu wake, sanazembe. Anatenga fomu ija m'fayilo, anaing'amba pakati, n'kufunsa akazi anga kuti tsopano achite chiyani. Iwo anatsegula buku pa mzere wa 417, analitembenuzira kwa iye, n'kumupatsa cholembera. Mawu aja sanafunike kuwanena, bwana anawanena yekha akusaina. Mayi wa magalasi, amene sabata yonse sitinaone mano ake, anafunsa akazi anga kuti kyuteksiyo ndi wa mtundu wanji.

Ine pamenepo ndinali nditaiwala kuti ndanyamula chinthu. Ndinanyada, abale, ndinanyada mpaka maso anandiyabwa. Ndinkafuna kutsegula windo n'kuuza onse oimika magalimoto pansi kuti mayi wamfupi uyu ndi wa kunyumba kwanga. Koma ndinakumbukiranso zimene ndinalalata pa ulendo wa ku basi, ndiye ndinangokhala chete ngati munthu wanzeru.

Bwana anandituma kuti ndikatenge a Chipewa pa galimoto yake. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa njerwa, akuyang'ana khoma. Akazi awo anandinong'oneza kuti chibwerere Lachitatu sanatulukepo pa mpanda, ndipo mwana wawo wa sekondale anakana kupita kusukulu chifukwa nkhani inali itafika kale kumeneko. Ataona galimoto ya boma anaimirira, n'kufunsa ngati apolisi ali m'katimo. Ndinawafotokozera kawiri asanamve. Ndinawatsegulira chitseko cha kumbuyo, pa mpando wa bwana, ndipo njira yonse anakhala chowongoka, manja ali pa mawondo.

Bwana anawadikira pa geti, n'kuwapepesa anthu akuona. A Chipewa ankangogwedeza mutu, dzanja likupita kumutu kukafuna chinthu chimene kunalibe. Atamaliza analunjika kuseri kwa masitepe. Akazi anga anali atatsitsa kale katundu: wezulo, tochi, jasi, ndi chipewa, atachikutira m'pepala kuti chisagwire fumbi. Anatembenuza buku pakawindo.

"Sainani apa, achimwene."

A Chipewa anatenga cholembera, koma asanalembe maso awo anagwera pa mzere wa Lachitatu. Pamalo pamene pamalembedwa chifukwa chobwezera katundu, pamene aliyense akanalemba kuti waimitsidwa ntchito, akazi anga anali atalemba kuti: ndasunga, mwini wake abwera. Anawerenga akuyendetsa chala pansi pa mawuwo. Anafunsa ngati analemba tsiku lomwelo, laputopu isanapezeke, ndipo akazi anga anawaonetsa deti.

Anavala chipewa choyamba, n'kuchikokera kumaso kuposa masiku onse. Kenako anawerama kuti asaine, koma dzanja linawakanika, siginecha inakwera n'kudumphira mu mzere wa pamwamba, wa matayala anga. Ine ndinadikira, chifukwa pakawindo paja ndaonapo mabwana akuluakulu akubwerezedwa kusaina pa cholakwa chochepa kuposa chimenecho. Akazi anga anayang'ana siginechayo kanthawi, anaiuzira kuti iume, n'kutseka buku.